Khoti silikakamiza abusa kudalitsa ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi, ndipo yanditopetsa: akuti khoti likangovomereza ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha, abusa ndi mashehe amakakamizidwa kuudalitsa, ndipo wokana amamangidwa. Izi si zoona.

Tione ku South Africa, komwe abale athu ambiri akukhala. Mu December 2005 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuwakaniza anthuwa ukwati ndi tsankho, ndipo linapatsa aphungu chaka chimodzi kuti akonze lamulo. Lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 30 November 2006. Mpingo wofuna kumangitsa maukwati oterewa umachita kupempha wokha chilolezo ku boma polemba kalata. Wosafuna salemba, ndipo lamuloli siliukakamiza kutero. Amene sakuloledwanso kukana, potsatira kusintha kwa lamulo mu 2020, ndi ogwira ntchito m'boma olembetsa maukwati, osati abusa.

Ku America chigamulo cha 2015 chinalamulanso maboma kupereka ziphaso zaukwati, osati mipingo.

Mutha kugwirizana ndi zigamulozi kapena kutsutsana nazo, koma tizitsutsana pa zimene zinalembedwadi. Zigamulozi zili pa intaneti, zaulere. Tsegulani tsamba loyamba muone amene anasumiridwa: mupeza kuti ndi nduna kapena akuluakulu aboma. Kenako werengani kumapeto, pomwe oweruza alemba zimene alamula. Uthenga wa pa WhatsApp ukabwera wopanda dziko, chaka kapena dzina la mlandu, chonde musautumize kwa ena musanaufufuze.