Chikuku cha khanda: onani kagonedwe ka mwana ndi msewu wa kwanu musanalipire

Mwana wongobadwa kumene satha kudzutsa mutu yekha. Mutuwo ndi wolemera pouyerekeza ndi thupi, minofu ya m'khosi ikadali yanthete, ndipo njira yodutsa mpweya ndi yopapatiza. Akakhala mopendekera m'chikuku, mutu umagwera kutsogolo, chibwano n'kutsamira pachifuwa, ndipo amatha kubanika osalira n'komwe. Choncho musanayang'ane mtundu wa nsalu kapena dzina la kampani, tsitsani chotsamira msana mpaka pamapeto. Chiyenera kugona thyathyathya ngati mphasa, chifukwa mwana azigona chagada mpaka atayamba kugwira mutu ndi kukhala tsonga, zomwe ambiri amachita ali ndi miyezi pafupifupi 6.

Wogulitsa akhoza kukuuzani kuti n'cha mwana wa msinkhu uliwonse. Musangomvera, yesani. Ikani paketi ya shuga pamalo pogona mutu, kenako gwedezani chikukucho. Ikatsetserekera kumiyendo, mwana nayenso azitsetsereka. Onaninso ngati kumapazi kuli kotseka. M'chaka cha 2010 kampani ya Graco inaitanitsa zikuku zake pafupifupi 2 miliyoni zimene zinagulitsidwa kale ku America chifukwa zinali ndi vuto, makanda anayi atamwalira. Anawo sanamangidwe malamba, anatsetsereka, thupi n'kudutsa pampata wa pansi pa kathebulo ka kutsogolo, mutu n'kukanirira pomwepo. Kamatiresi kakhale kolimba ndi kokwana bwino, kopanda mpata m'mbali. Pilo musaikemo.

Pali zikuku zina zimene amagulitsa pamodzi ndi mpando wa mwana wa m'galimoto, woti umalumikizika pamwamba. N'zothandiza potsika m'galimoto mwana ali mtulo, koma mpando umenewu supangidwira kugonamo nthawi yaitali, poti mwana amakhalamo atapindika. Asapitirire maola awiri alimo, ndipo kwa khanda la masabata ochepa nthawiyo ichepe kwambiri.

Malamba akhale omangika mbali zisanu: awiri am'mapewa, awiri am'chiuno, limodzi lodutsa pakati pa miyendo. Lamba wa m'chiuno yekha saletsa mwana kugwa chamutu chikuku chikapunthwa pamwala. Tsekani ndi kutsegula chomangira chake kangapo. Chizimveka kulira potseka, ndipo chizifuna mphamvu ya chala cha munthu wamkulu potsegula. Mukamanga mwana, pakati pa lamba ndi chifuwa pazikwana zala ziwiri basi.

Tsopano matayala, pamene ndalama za makolo ambiri zimalowera m'madzi. Zikuku zambiri anazipangira misewu ya phula yosalala ndi m'masitolo akuluakulu. Tulukani pageti panu muone chomwe chilipo. M'malokeshoni ambiri a Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu muli fumbi ndi miyala m'chilimwe, matope ndi zigwembe m'dzinja, ngalande zoti mudumphe, ndipo pamalo oyenda apansi nthawi zambiri pamakhala poduka kapena pali malonda. Timatayala tapulasitiki touma, tamasentimita 12 kapena 15, timatitimira mumchenga, timakodwa pakamwala kalikonse, ndipo kugwedezeka konse kumathera pamutu wa mwana. Pakatha miyezi yowerengeka timayamba kugwedera ndi kukokera mbali imodzi, ndipo tina tolowa m'malo mwake sitipezeka pamsika.

Pamsewu wafumbi sankhani matayala akumbuyo a masentimita 25 mpaka 30, kapena oposera apo. Opopa ndiwo amayenda mofewa. Ambiri mwa iwo ndi a mainchesi 12, ofanana ndi a tinjinga ta ana, kotero chubu chake chimapezeka ndipo wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo akhoza kuchimata. Vuto lake ndi minga ndi misomali, ndiye pampu ikhale pafupi. Matayala ofewa koma osapopa saphulika, ngakhale amagunda pang'ono ndipo akatha atha, sakonzeka. Akutsogolo azitha kuzungulira okha pokhota, komanso akhale ndi kachitsulo kowatseka kuti aloze kutsogolo kokha. Pamiyala ndi pamchenga muziwatseka, apo ayi amavinavina. Chikuku cha matayala atatu chimadutsa bwino pamabampu koma sichichedwa kupendama mukamakwera chitunda chammbali, choncho pamalo otero muzipondereza chogwirira kuti tayala lakutsogolo linyamuke kaye.

Kusamala matayala n'kosavuta. Chotsani tsitsi ndi ulusi zimene zimakulungika pachitsulo chapakati, tsukani matope, muumitse. Girisi wambiri amangoitana fumbi, ndipo fumbi losakanikirana ndi mafuta limadya pulasitiki ngati sandipepala.

Mabuleki ayeseni chikuku chitalemedwa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye zigubu ziwiri za malita 5 zikuyimira mwana wa makilogalamu 10. Ziikeni pampando, pitani pamalo otsetsereka, pondani buleki, kenako kankhani. Matayala onse akumbuyo agwire nthawi imodzi. Buleki yogwira tayala limodzi imapangitsa chikuku kuzungulira n'kutsika chammbali. Yesaninso kuimasula mutavala masilipasi, chifukwa ina imafuna kukokedwa ndi nsonga ya nsapato yolimba, ndipo buleki yopweteka chala anthu amasiya kuigwiritsa ntchito.

Zigubuzo zikadali momwemo, ponderezani chogwirira pang'ono. Chikuku chikafulumira kudzuka kutsogolo, n'chosakhazikika. Ana ambiri amagwa chagada chifukwa cha chikwama cha matewera kapena majumbo a kumsika okolekedwa pachogwirira. Katundu malo ake ndi m'dengu lapansi, ndipo nalonso lili ndi malire ake, kawirikawiri makilogalamu osapitirira 5.

Apa tinene mosabisa: chikuku chogona bwino, cha matayala akuluakulu, chimalemera makilogalamu 10 mpaka 14 ndipo chimatenga malo. Chopepuka cha makilogalamu 6 kapena 7, chija chimapindika ngati ambulera, kawirikawiri sichigona thyathyathya ndipo chili ndi timatayala tija. N'chabwino kwa mwana wokhala tsonga, pamalo osalala. Ngati maulendo anu ambiri ndi a minibasi ndi kabaza, chikuku chidzakhala mtolo wokangana nawo ndi kondakitala, ndipo kubereka ndi chitenje kudzachiposa kutali. Chimapindulitsa amene ali ndi galimoto, oyenda pansi mtunda wautali kupita kusikelo kapena kutchalitchi, amene ali ndi mapasa, ndi mayi amene anachira kudzera mu opaleshoni kapena akuvutika msana. Musanapite kukagula, yezani ndi tepi m'lifupi mwa chitseko cha nyumba ndi buti ya galimoto. Kusitolo, chipindeni nokha katatu, kamodzi ndi dzanja limodzi, poti linalo lidzakhala litanyamula mwana. Chikatambasulidwa, chotsekera chake chizigwira mpaka kumveka, kuti chisadzapindike mwana ali momwemo.

Popinda, mwana akhale patali. M'chaka cha 2009 kampani ya Maclaren inachenjeza za zikuku zake pafupifupi 1 miliyoni ku America, ana 12 ataduka nsonga za zala pamahinjesi a m'mbali, pamene chikuku chimapindikira. Nkhani zakalezi zikutikhudza chifukwa zikuku zambiri zimene timagula kuno n'zakaunjika, ndipo zina ndi za zaka zomwezo. Chakaunjika chikhoza kukhala cholimba kuposa chatsopano chotchipa, bola muchifufuze. Chitembenuzeni, mupeze kachikwangwani ka pachitsulo. Pakalembedwa EN 1888 ndiye kuti chinapangidwa motsata muyezo wa ku Ulaya, ndipo ASTM F833 ndi wa ku America. Pomwepo kapena pansalu amalembanso kulemera kwa mwana kololedwa, kawirikawiri makilogalamu 15 kapena 22. Lembani dzina la kampani ndi nambala ya chikukucho pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti recall, muone ngati kampaniyo sinachiitanitsepo chifukwa cha vuto. Ming'alu pamalo olumikizira zitsulo, dzimbiri pamabawuti, lamba wosokedwa ndi singano, chomangira chosweka kapena nkhungu pansalu ndi zifukwa zokwanira zochisiyira pomwepo.

Chizolowezi chathu chofunditsa khanda chimavuta chikasamukira pachikuku. Chitenje kapena thaulo chikaphimba pamwamba ponse, mpweya suyenda, mkati mumatentha ngati m'galimoto yotseka mawindo, ndipo mwanayo simukumuona. M'mwezi wa Okutobala zimenezi n'zoopsa kwambiri. Funani chikuku cha chotchingira dzuwa chachikulu, chokhala ndi kazenera ka neti, ndipo gulani neti ya udzudzu yokwana chikukucho, ya lasitiki m'mphepete, yogwiritsa ntchito madzulo. Pofuna kudziwa ngati mwana watenthedwa, gwirani kumbuyo kwa khosi lake. Pakakhala thukuta, chotsani chofunda chimodzi mupite pamthunzi. Usiku agone pamalo ake m'neti yonyikidwa m'mankhwala, osati m'chikuku. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wosakwana makilogalamu awiri ndi theka, malo ake ndi pachifuwa pa mayi kapena bambo monga amaphunzitsira kuchipatala, ndipo chikuku chidikire mpaka anamwino a kusikelo atavomereza.