Kuthwanima kwa kuwala m'mafilimu ndi matenda a khunyu: uthenga kwa makolo ndi eni mavidiyo sho ku Mulanje

Mafilimu ena amayamba ndi chenjezo lakuti m'katimo muli kuwala kothwanima. Mawuwo amakhala a m'Chingerezi ndipo sachedwa kuchoka, mwinanso woonetsa amangowadumpha. Mwana amene wakhala pa benchi yakutsogolo mu vidiyo sho ya pa Chitakale kapena pa Limbuli, mumdima, nkhope ili pafupi ndi kanema, sawamva n'komwe. Komatu chenjezolo analembera iyeyo.

Pali mtundu wa khunyu umene umadzutsidwa ndi kuwala koyaka ndi kuthima mofulumira. Mwa anthu 100 odwala khunyu, pafupifupi 3 ndi amene ali ndi vutoli, ndipo limapezeka kwambiri mwa ana ndi achinyamata, makamaka atsikana. Kuthwanima kwa pakati pa maulendo 3 ndi 30 pa sekondi imodzi kumasokoneza mauthenga a mu ubongo, munthu n'kugwa. Kuwala kofiira kwambiri ndiye koopsa zedi. Ena sadziwa kuti ali ndi vutoli kufikira tsiku loyamba kugwa.

Pa 16 Disembala 1997 ku Japan, katuni ya Pokémon inaonetsa kuwala kofiira ndi kwa buluu kukusinthana maulendo pafupifupi 12 pa sekondi. Ana oposa 600 anathamangira nawo kuchipatala usiku womwewo. Lero ku Britain malamulo a wailesi za kanema amaletsa kuthwanima kopitirira maulendo 3 pa sekondi. Koma filimu yochoka pa memori khadi kapena kavidiyo ka pa WhatsApp palibe amene wakayeza.

Si kanema yekha ayi. Magetsi a disko pa ukwati, masewera a pa foni, ngakhale dzuwa lodutsa m'mitengo ya bulugamu minibasi ikuthamanga pa msewu wa ku Thyolo, zonsezi zingathe kumugwetsa munthu wotereyu.

Kuwala kukayamba mwadzidzidzi, phimbani diso limodzi ndi chikhatho, mutembenuke n'kuchokapo. Kutsinzina kokha sikuthandiza, chifukwa kuwalako kumadutsabe m'zikope. Kunyumba mwana aonere kanema ali patali mamita 2 kapena kuposerapo, nyali ya m'chipinda ili chiyakire, ndipo asaonere atatopa kapena atasowa tulo. Akayamba kuphethira pafupipafupi, kunjenjemera manja, kapena kungoti maso tong'o osayankha, thimitsani msanga.

Eni mavidiyo sho, tikukupemphani: yambani mwaionera nokha filimu yatsopano. Ngati ili ndi malo othwanima, nenani m'Chichewa pakhomo anthu asanalipire, ndipo musiye kababu kamodzi kakuyaka m'katimo.

Munthu akagwa, musathawe. Khunyu sapatsirana kudzera m'thovu, m'malovu kapena mpweya umene wodwala watulutsa, ndipo zimapweteka mtima kuona mwana akuphupha yekha pansi anthu ataima patali chifukwa cha bodza limeneli. Chotsani mabenchi, mbaula ndi chilichonse chimene chingamuvulaze. Ikani chitenje chopinda pansi pa mutu wake. Musamupanikize, musamuike supuni, chala kapena madzi m'kamwa, lilime samameza. Kuphupha kukatha, mugonekeni cham'mbali kuti apume bwino, mukhale naye mpaka atsitsimuke.

Yang'anani nthawi. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kukabwerezanso asanatsitsimuke, akavulala, akakhala woyembekezera, kapena ngati n'koyamba kugwa, pitani naye kuchipatala chaching'ono chapafupi, ku chipatala chachikulu cha boma pa Mulanje kapena ku Mulanje Mission. Muwafotokozere adokotala chimene ankaonera pamene amagwa, pakuti zimenezi zimawathandiza posankha mankhwala. Amene ali kale pa mankhwala a khunyu asasiye kumwa ngakhale patapita miyezi osagwa.