Kuphunzitsa apolisi za ufulu wachibadwidwe: zomwe imfa ya Stephen Lawrence idavumbulutsa

Usiku wa pa 22 Epulo 1993, Stephen Lawrence, mnyamata wakhungu lakuda wa zaka 18, adabayidwa ndi gulu la anyamata achizungu akudikira basi ku Eltham, mumzinda wa London, ndipo adamwalira. Apolisi atafika, mnzake Duwayne Brooks, yemwe adangopulumukira mkamwa mwa mbuzi, adamuyang'ana ndi diso lokayika m'malo momusamalira monga mboni. Awiri mwa achiwembuwo adadzapezeka olakwa mu 2012.

Lipoti la mu 1999 la Sir William Macpherson, yemwe adatsogolera kafukufuku wa momwe apolisi adayendetsera nkhani ya imfayi, lidanena mosapsatira kuti tsankho lidazika mizu m'kagwiridwe ka ntchito ka polisi ya Metropolitan (polisi ya mumzinda wa London), moti ngakhale wapolisi amene sadziona ngati watsankho ankatha kulakwira munthu wakuda osazindikira. Mwa mfundo 70 za lipotilo, zina zidati apolisi onse, kuphatikizapo ofufuza milandu, aphunzire za tsankho, ndipo anthu a mitundu yosalidwa a m'deralo azitenga nawo mbali pophunzitsa.

Mfundo yomalizayi ndimaiona yofunika koposa. Wapolisi akhoza kuloweza malamulo onse a ufulu wachibadwidwe n'kukhoza mayeso, koma mtima wake umagwedezeka akamva mayi akufotokoza momwe mwana wake amaimitsidwira n'kusechedwa pamsewu popanda chifukwa. Malamulo a ku England amati khungu la munthu si chifukwa chomukayikira. Wapolisi ayenera kutchula dzina lake, polisi yomwe akuchokera ndi chomwe akusechera, ndipo wosechedwayo ali ndi ufulu wolandira chikalata cha zomwe zachitika (abale athu okhala kumeneko, chikalatachi muzichiitanitsa). Maphunziro abwino amamuzoloweza wapolisi kunena poyera chomwe waona. Ngati yankho lake ndi lakuti “amangooneka wokayikitsa”, mphunzitsi amufunse kuti chokayikitsacho n'chiyani, mpaka achitchule kapena avomere kuti palibe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mu 2023 Baroness Louise Casey atafufuza polisi yomweyo, adapezanso tsankho lomweli. Sindikudabwa. Wapolisi watsopano amakhala m'kalasi masiku owerengeka, kenako zaka zambiri m'galimoto ya polisi ndi akuluakulu ake, ndipo zomwe amamva mmenemo ndi zomwe zimamuumba. Ngati sajeni sawerenga zikalata za anthu osechedwa, ndipo wodandaula za tsankho ndiye amasalidwa pantchito, zophunzira zija zimathera pakhomo la kalasi.