Dorian si C major yongoyambira pa D

Pafupifupi sabata iliyonse, m'kachipinda komwe ndimaphunzitsiramo gitala ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg mumalowa munthu wondiuza kuti Dorian, imodzi mwa ma mode (mindandanda ya manoti, uliwonse wokhala ndi noti yake yakwawo), anaimaliza kale, chifukwa ndi C major yongoyambira pa D basi. Mawu amenewa ndatopa nawo. Manoti ake ndi omwewo ndithu, D, E, F, G, A, B, C, ndipo inu amene munakulira m'kwaya ya sol-fa kumudzi mukhoza kunena kuti ndi re kukafika pa re, koma kudziwa mayina a anthu onse a pakhomo sikukuuzani kuti mwini khomo ndani. Dorian imakhalapo pokhapokha khutu litavomera kuti kwathu ndi pa D, ndipo besi ndi chord (manoti angapo olira pamodzi) zikukokera komweko.

Noti imene imaulula nkhope yake ndi yachisanu ndi chimodzi. Mu D minor wamba noti imeneyi ndi B flat, pamene mu Dorian ndi B. Tengani gitala yanu, lizani nsambo yachinayi osaidina kuti D azilirabe, kenako dinani nsambo yachitatu pa fret (mpata wapakati pa tizitsulo ta pa khosi la gitala) yachitatu, mumve kulemera kwa B flat. Mukatero sunthani chala pa fret yachinayi, ndipo mumva chisoni chija chitapepuka ngati pamaliro pamene amayi ayambitsa nyimbo yachiyembekezo. Noti imodzi yomweyi ndi imene imasandutsa G minor kukhala G major, ndipo n'chifukwa chake "Oye Como Va" ya Tito Puente, imene Santana anaitchukitsa mu 1970, imangoyenda pakati pa ma chord a Am7 ndi D9 popanda kutopetsa: F sharp wa mu D9 ndiye noti yachisanu ndi chimodzi ya A Dorian, Dorian imene kwawo ndi pa A.

Mu 1959 Miles Davis anatulutsa chimbale cha Kind of Blue, ndipo mu "So What" muli ma bar (tizigawo tofanana ta nthawi ya nyimbo) 32: oyamba 16 ali mu D Dorian, otsatira 8 amakwera pa E flat Dorian, ndipo 8 omaliza amabwerera pa D. Palibe mndandanda wa ma chord wobisalamo, choncho woimba amene sakumva kumene kuli kwawo amaonekera poyera.

Amene amandiwawabe mtima ndi mnyamata wina wa ku Ntcheu, wogwira ntchito yaulonda usiku, amene Lamlungu ankaimba gitala kutchalitchi ku Yeoville, mu Johannesburg momwemo. Analipira ndalama zake zovutikira kwa munthu wina wa pa WhatsApp amene anamulonjeza ma mode onse asanu ndi awiri m'sabata imodzi, ndipo chimene analandira ndi zithunzi za timadontho tosonyeza podina zala pa khosi la gitala. Anaziloweza kwa zaka ziwiri. Tsiku loyamba ndinamuikira chord ya Dm7 kuti aimbepo, ndipo zala zake zinkathamanga mochititsa kaso, koma mzere uliwonse ankakautsirizira pa C, ngati mbuzi yobwerera kukhola lakale. Nditamupempha kuti aimbe ndi pakamwa noti imene wangoiliza, anangoyang'ana pansi. Tinatha miyezi itatu tikungoliza D ndi kuimba B ndi mawu, ndipo khutu litangoyamba kutseguka anamusinthira nthawi ya ntchito, osabweranso.

Aliyense wokugulitsani ma mode ngati zithunzi zoloweza, popanda kukuimbitsani ndi pakamwa kapena kukulizirani noti yakwanu pansi, akungokudyerani ndalama, kaya ali pa YouTube kaya ali pakona ku Hillbrow. Ndipo musamadikire kuti khutu mudzaliphunzitsa zala zikadzakhwima, chifukwa chizolowezi cha zala chimachedwa kuchoka kuposa mmene chinabwerera. Wobwera kwa ine asanaloweze kanthu amayamba kumva B uja m'masabata ochepa, pamene wobwera ndi zaka ziwiri za timadontho ndimayamba ndamuletsa kukhudza C kwa mwezi wathunthu.