Si jini iliyonse imapanga puloteni

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva zoti pulogalamu imodzi ikasanthula DNA ya bakiteriya, basi yapeza majini onse (jini ndi chigawo cha DNA chokhala ndi malangizo a ntchito inayake m'selo). Zafika pondikwana.

Mapulogalamu ngati Prodigal amasaka majini opanga mapuloteni okha. Majini a tRNA ndi rRNA sapanga puloteni, amapanga RNA, molekyulu yofananako ndi DNA, imene selo imagwiritsa ntchito ngati chida polumikiza mapuloteni, choncho alibe zizindikiro zoyambira ndi zothera zimene Prodigal imadalira. Ambiri mwa majiniwa amazindikirika ndi mmene RNA yake imapindikira. N'chifukwa chake pali mapulogalamu ena: tRNAscan-SE ndi Aragorn zofufuza tRNA, Barrnap ya rRNA, komanso Infernal yomwe imayerekezera ndi mabanja a RNA osungidwa mu nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Rfam.

Dzionereni nokha. Tsegulani fayilo ya majini a bakiteriya yotchedwa E. coli K-12, muwerenge a 16S rRNA (mtundu umodzi wa rRNA): mupeza 7. Kenako muone ngati Prodigal yatchulapo ngakhale imodzi. Zimene simunayese nokha chonchi, chonde musamazifalitse.