Mphaka mmodzi akafa, si kuti onse atsatira

Zoti mphaka akafa ndi matenda ndiye kuti anzake onse atenganso, mpaka ena kumawataya, zamveka kwa zaka zambiri koma si zoona. Matenda a impso, shuga ndi khansa zambiri sapatsirana. Oopsa ndi opatsirana monga panleukopenia, matenda a amphaka osanzitsa ndi kutsegula m'mimba, amene kachilombo kake kamatha kukhala pamalo chaka chathunthu. Choncho funsani dokotala wa ziweto chimene chinapha mphakayo, ayeze magazi a otsalawo ndi kuona ngati katemera wawo ali m'malo. Tsukani mbale ndi pogona ndi jiki, gawo limodzi m'magawo 32 a madzi. Kwa masabata awiri yang'anirani kusanza, kutsegula m'mimba kapena kukana chakudya tsiku lonse. Panado musawapatse, amapha amphaka. Uphungu wa pa WhatsApp musautumize kwa ena dokotala asanautsimikizire.