Kubiriwira kwa chiboliboli chamkuwa si umboni wa zaka

Bodza ili lakhalitsa: ati chiboliboli chamkuwa chikabiriwira ndiye kuti n'cha nthawi ya Agiriki kapena Aroma. Ayi ndithu. Zambiri za nthawi imeneyo zinasungunulidwa kalekale. Zomwe zili pamsika kawirikawiri n'zongotsanzira zakalezo, monga zimene ankapanga ku Naples (Italy) ndi ku Paris (France) m'zaka za m'ma 1800, ndipo kubiriwirako mankhwala amakubweretsa m'masiku ochepa chabe.

Kuti mudziwe zoona, tembenuzani chibolibolicho muone kunsi. Mabawuti opangidwa ndi makina kapena chidindo cha fakitale kawirikawiri zimatanthauza kuti si cha makedzana. Kandani pang'ono pobisika: pakayera ngati siliva, kawirikawiri ndi zinki yopaka utoto, pomwe mkuwa umaoneka wachikasu chofiirira. Maginito akakakamira, n'chachitsulo. Dzimbiri la makedzana limalimba, limafiira mkati, silichoka popukuta ndi nsalu. Musafalitse zoti n'chakale akatswiri asanachiyeze.